Njoka za m'matumbo a nkhosa: mayina ayamba kubwera

Patha miyezi itatu chilembereni za ntchito yanga yofufuza mitundu ya njoka za m'matumbo a nkhosa, ndipo lero ndili ndi chokamba. Pa zidutswa 8 za njoka zangati lamba zimene ndinatola m'matumbo aang'ono a nkhosa, 6 zatulutsa DNA yowerengeka.

Ziwiri zinazo ndinaziwononga ndekha. Ndinaziika mu fomalini, mankhwala osungira zinthu kuti zisawole, poganiza kuti zisungika bwino, osadziwa kuti fomalini amaduladula DNA. Zotsalazo zinali mu ethanol wa 95 peresenti, ndipo zinapulumuka. Amene mukuyamba kumene, dulani njokayo pawiri: chidutswa china cha maikulosikopu, china cha majini, chilichonse m'botolo lakelake.

Ndisanatumize kanthu ku labotale ndinayamba ndaziona ndi maso. Moniezia expansa ndi Moniezia benedeni, mitundu iwiri ya njokazi, amasiyanitsidwa ndi timinyewa totulutsa timadzi tokhala kumapeto kwa mfundo iliyonse ya thupi la njokayo. Ta expansa timakhala timagulu tozungulira, tondandalikana pamzere. Ta benedeni timangopanga kamzera kamodzi kakafupi pakatikati. Mazira nawonso amathandiza: a expansa ali ndi ngodya ngati zitatu, a benedeni zinayi. M'buku zimaoneka zophweka. Pagalasi, nditapaka utoto wa carmine, zidutswa zanga ziwiri zinalibe timinyewato n'komwe, ndipo ndinatha madzulo awiri ndikuzitembenuza osapeza poyambira.

Apa m'pamene majini anathandiza. Labotale inachulukitsa kachigawo ka jini ya cox1, imene imathandiza kusiyanitsa mitundu, pogwiritsa ntchito PCR, njira yochulukitsira DNA, kenaka inanditumizira ndondomeko ya zilembo zake. Ndinaika zilembozo pa BLAST, pulogalamu yoyerekezera zilembo za DNA, kuti ndiziyerekeze ndi zimene zili mu GenBank, nkhokwe ya pa intaneti ya zilembo za DNA. Zinayi zinagwera pa expansa, monga mmene maso anandiuzira. Chimodzi mwa ziwiri zondizunguza zija chinapita pafupi ndi benedeni, amene amapezeka kwambiri mu ng'ombe. Chachisanu ndi chimodzi sichinagwirizane bwinobwino ndi chilichonse.

Chimenechi ndicho chikundisowetsa tulo. Dzina lililonse mu GenBank analemba ndi munthu, ndipo munthuyo nayenso anayamba ndi maikulosikopu. Akalakwitsa iyeyo, ine ndingotengera kulakwitsa kwake ndikumati majini anena. Choncho pa botolo limeneli ndangolemba kuti Moniezia sp., kutanthauza Moniezia wosadziwika mtundu wake weniweni, basi.

Wina anandifunsa kuti bwanji ndikuvutika chonchi pomwe mankhwala a praziquantel amapha zonsezi osafunsa dzina. Zoona, amapha. Koma njokazi zimadutsa mu tinthata ta m'dothi totchedwa oribatid, timene nkhosa imameza pamodzi ndi udzu, ndiye ngati mtundu wa ng'ombe ukupezeka mu nkhosa, ndikufuna ndidziwe ngati ziwetozi zikupatsirana podyera pamodzi.

Mwezi wamawa chidutswa chija ndichitumizanso kuti aone ITS1, chigawo china cha DNA. Ndasungakonso tina tiwiri topyapyala timene mfundo zake sizioneka bwino, ndipo ndikuganiza kuti mwina ndi Avitellina, mtundu wina wa njoka zangati lamba.