Tinapita ku Malindi ndi buku losowetsa tulo

Loweruka lapitali ife a gulu lowerenga mabuku la pa boma pa Mangochi tinakacheza ndi anzathu a ku Malindi. Tinalipo asanu ndi anayi. Tinakumana pansi pa nsanja ya Mfumukazi Victoria, ija inamangidwa mu 1903, tinakwera matola n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi. Za kutentha sindinena, a kuno mukudziwa.

Mwambo wathu ndi wakuti mlendo amabwera ndi buku limene lamugwira mtima. Ine ndinanyamula From Hell, nthano yazithunzi yolembedwa ndi Alan Moore, zithunzi anajambula Eddie Campbell. Anzathuwo poliona ankayesa ndi makatuni ngati a m'nyuzipepala. Ayi ndithu. Ndi chibuku cha masamba oposa 500, ndipo mwana asalitsegule.

Limakamba za amayi asanu amene anaphedwa mwankhanza ku Whitechapel mu mzinda wa London mu 1888, ndi chigawenga chimene anthu anachitcha Jack the Ripper. Apolisi sanachigwire. Koma bukuli silichedwa kuloza chala: likuti anali Sir William Gull, dokotala wa Mfumukazi Victoria, pofuna kukwirira manyazi a kunyumba yachifumu. Ndinawauziratu kuti apa ndi nthano chabe, akatswiri a mbiri savomereza zimenezi.

Aphunzitsi ena opuma pantchito anandifunsa kuti, "Mwanawe, ngati wakuphayo ukumudziwa kale, ukuwerengeranji?" Ndinawatsegulira tsamba. Zithunzi zake zilibe mtundu, ndi zakuda ndi zoyera basi, mizere yokandakanda ngati wojambulayo amanjenjemera dzanja. Misewu ili bii, nkhope sizioneka bwino, ndiye maso ako amakakamira kufufuza mumdimamo. Magazi alimo, ena ndinawadumpha. Koma chimene chinandisowetsa tulo ndi chakuti mayi amatuluka usiku chifukwa wasowa mapeni anayi olipira pogona, ndipo imfa ikumudikira pa ngolo yokongola.

Apa mayi wina wogulitsa usipa anati, "Achimwene, London yanuyo ndi kudooko kwathu kuno. Mkazi akasowa ndalama yogulira nsomba mukudziwa chimene ena amamuuza kuti alipire." Tonse tinangoti chete. Kenaka mkangano unabuka, ena akuti buku lotere likungochitanso malonda ndi mitembo ya amayiwo, ena akuti bola likuwaonetsa ali moyo, akuseka, akukongozana ndalama. Ine ndili mbali yachiwiriyi, ngakhale tsamba lina ndinalitseka msanga. Nsima ya chambo inafika pozizira mkanganowo usanathe.

Tinabwerera dzuwa litapendeka. Titatsika mlatho ndinaima pang'ono kuyang'ana nsanja ija, imene ndimaidutsa tsiku ndi tsiku osaiganizira. Bukulo ndinalisiya kwa aphunzitsi aja. Akuti adzabwera nalo okha mwezi wamawa, pamene a ku Malindi adzatiyendere.