Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Loweruka la kudambo

M'gawo lapitali ndinakusiyani ndili ku England, mabuku atandikwana. Ndiye Loweruka lina la mu July ndinalembetsa ntchito yodzipereka kudambo lina lotetezedwa. Ndisaname, chondikoka chinali mbalame basi. Ndinabwereka magalasi oonera patali, n'kulawira. Nyengo yotentha kumeneko dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, ndipo 9 koloko ya madzulo imakwana kunja kudakawala.

Nditafika, mayi wachikulire amene ankatiyang'anira anandipatsa magolovesi ndi majombo. Magalasi aja anangoti ndiike m'chikwama.

Ntchito inali yozula chomera chotchedwa Himalayan balsam. N'chokongola ndithu, chamaluwa a pinki, chotalika kuposa munthu. Anachibweretsa ku Britain mu 1839 kuti chizikometsa pakhomo, koma chinathawira m'mphepete mwa mitsinje. Zikhokhombe zake zikakhwima zimaphulika, njere n'kuuluka mamita angapo. Chimaphimba zomera zina mpaka kuzipha, kenako nachonso chimafa kukazizira, gombe n'kutsala lambee, madzi n'kumaliguga. N'chifukwa chake amachizula chisanabale. Mwayi wake mizu ndi yosazama, dzanja limodzi likwanira. Koma maola atatu uli chiweramire m'matope, msana umayankhula.

Ndinafunsa: "Mayi, bwanji osangotchetcha zonsezi ndi bango lomwe?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Mwananga, m'bangomo muli zisa. Bango timadula kukazizira, ana atauluka."

Masana anatitengera m'kanyumba ka matabwa kokhala ndi timazenera topyapyala, momwe anthu amabisala poonera mbalame. Lamulo lake ndi limodzi, kukhala chete. Abakha ndi atsekwe anali mbwee. Kakowa anaima mwendo umodzi ngati wauma. Kenako mayi aja anandikodola, n'kuloza m'bango. Kambalame kofiirira, reed warbler, kolemera magalamu 12 okha kapena kuposerapo pang'ono, kankadyetsa chimwana chachikulu kuposa iko komwe, mutu wake wonse kumalowa m'kamwa mwa chimwanacho. Anali mwana wa cuckoo. Mbalame imeneyi siimanga chisa. Imaikira dzira m'chisa cha ina, ndipo mwana wake akaswa amakankhira kunja mazira a eni nyumba. Ndinapsa mtima ngati nkhaniyo ndi yanga, mayi aja n'kumangoseka chamumtima.

Koma amene anandigwira mtima ndi anamzeze. Ankazungulira pamwamba pa madzi, kuwakha tizilombo. Mayi aja anandinong'oneza kuti September akamatha ambiri amakhala atanyamuka, kudutsa chipululu cha Sahara, mpaka ku South Africa. Anthu anazitsimikiza mu 1912, pamene namzeze amene anamuveka kamphete pamwendo ku Staffordshire, dera la ku England, anapezeka ku Natal, chigawo cha South Africa. Kanthu kokwana m'chikhatho! Ine ulendo wa pandege wokha ndinafika miyendo itatupa.

Tinabwereranso kukazula mpaka 4 koloko. Ulendo uno sindinadandaule kwambiri, ngakhale udzudzu unandidya khosi lonse. Pochoka anandipatsa buku lolembamo mbalame zoonedwa tsikulo. Ndinalemba mitundu 11, awiri ndinachita kuonera kwa amene analemba pamwamba panga.

M'basi palibe anafuna kukhala nane pafupi, fungo la matope. Loweruka lotsatira ndinapitanso, ndipo ndi tsiku limene ndinagwera m'ngalande pamodzi ndi magalasi obwereka aja. Za mwini wake ndikuuzani m'gawo likubwerali.