Mmene tinakhazikitsira gulu la chitetezo cha m'mudzi kwathu

Kudera kwathu kuno ku Lilongwe mbava zinafika poboola makoma mvula ikamagwa, podziwa kuti phokoso la malata lizibisa. Anyamata anayamba kukamba zogula zikwanje kuti azilondera paokha. Ndinaopa kuti tidzadzuka ndi maliro a munthu wosalakwa, choncho ndinapita kwa amfumu.

Poyambira pake ndi pomwepo. Apolisi safuna kuti nkhani yotere ibwere ndi munthu mmodzi ngati yake. Amfumu analemba kalata, ine ndi bambo wina tinakaitula kupolisi, ku ofesi ya community policing, yoona za mgwirizano wa apolisi ndi anthu pa chitetezo cha m'madera. Wapolisi amene tinamupeza anatifotokozera kuti ndondomekoyi inayamba mu 1997, ndipo ili ndi makwerero ake: komiti kwa nyakwawa, gulu lokulirapo kwa gulupu, lina kwa mfumu yaikulu. Ife timafuna ya pansi penipeniyo. Tinagwirizana tsiku la msonkhano, Lamulungu masana anthu ataweruka kutchalitchi.

Musathamangire kusankha anthu. Wapolisiyo anayamba wafunsa chimene chikutisowetsa tulo. Abambo tonse tinati kuthyola nyumba, ndipo tinaona ngati nkhani yatha. Kenaka mayi wina anagwada nati, "Zikomo amfumu, ife akuba athu si apakati pa usiku okha ayi." Anatchula kanjira kopita pa kiyosiki ya madzi, kamene amayi amadutsa m'bandakucha ndi zidebe, ena n'kulandidwa mafoni pomwepo. Wina anatchula malo a kachasu amene amagulitsa mowa kwa ana asukulu. Mnyamata wa kabaza anati anzake amabayidwa ndi anthu onamizira kukwera, makamaka chakumadzulo. Zonsezi ife eni mipanda sitinkaziwerengera. Mmene timabalalika, kanjira ka kumadziko kanali patsogolo pa mndandanda, ndipo nthawi yolondera inasintha: gulu lomaliza siliweruka kufikira amayi atatunga kunja kutayera. Mukaitana msonkhano wa abambo okhaokha, mudzalondera katundu wa opeza bwino basi.

Mayina a olondera amatchulidwa poyera, anthu n'kuvomera kapena kukana. Wina anakanidwa chifukwa aliyense amadziwa kuti akamwa amamenya. Zinawawa, koma kumupatsa wezulo munthu wotere n'kuika nkhuku m'manja mwa fisi. Mayina otsalawo tinakapereka kupolisi kuti aone ngati palibe wa mbiri yoipa. Amayi analowamo, ndipo msungichuma ndi mayi.

Za ndalama ndinene mwachidule. Khomo lililonse limasonkha kangachepe pamwezi, ka matochi, mawezulo, majekete owala ndi kulimbikitsa olondera. Zonse zimalembedwa m'buku, ndipo buku limawerengedwa pamsonkhano. Nkhalamba ndi amasiye sitiwalipiritsa, komabe makomo awo amalonderedwa.

Phunziro limene ndimaliona lalikulu ndi la malire a mphamvu zathu. Olondera si apolisi, si khoti. Akagwira munthu akuba, amamusunga bwino, kuimba foni, n'kumupereka kupolisi mosachedwa, pamodzi ndi katundu amene wapezeka naye. Kumenya ayi, kulipiritsa chindapusa panjira ayi. Gulu likayamba kukuwa kuti "awotchedwe", ntchito ya olondera ndi kuteteza wakubayo, ngakhale mtima ukukana. Kuyenda usiku pakokha si mlandu. Mu 2017 khoti lalikulu linathetsa gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, lija tinkati la vakabu, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wageni wa ku Blantyre amene anamangidwa m'bandakucha akupita kukagulitsa. Alonda, anamwino ndi amayi okapikula kumsika amayenda nthawi zomwezo, choncho timafunsa mwaulemu kuti "Zikomo achimwene, mukulowera kuti?" osati kumukhazika munthu pansi.

Chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri ndi kumuona wogwidwa dzulo akuyendanso m'mudzi. Pamenepa pamafunika kufotokoza mobwerezabwereza. Malamulo a dziko lino amati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere. Kutuluka pa belo si kutha kwa mlandu. Mlandu umafa mboni zikapanda kupita, n'chifukwa chake komiti yathu imaperekeza woberedwa kukapereka sitetimenti ndi kumukumbutsa tsiku la khoti.

Nkhanza za m'banja ndi zogwirira ana sitiziweruza pansi pa mtengo, ngakhale achibale atachonderera kuti zithere pakhomo. Timaperekeza wovutikayo ku Victim Support Unit, ofesi ya kupolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo ngati ndi mwana kapena mayi wogwiriridwa, afikenso kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV.