Kukweza sipika sikumveketsa mawu

Maphunziro a kayendedwe ka mawu m'zipinda amene ndikuchita andifikitsa pa nambala yotchedwa RT60. Imeneyi ndi nthawi imene mawu amatenga kuti atsike ndi madesibelo 60 (desibelo ndi muyezo wa mphamvu ya mawu) wolankhula atatseka pakamwa. Mawu sazima pomwepo. Amagunda khoma, n'kukwera kumalata, n'kutsikira pasimenti, ndipo paliponse pamene agunda amataya kamphamvu pang'ono mpaka atatheratu. Ife oyendetsa zokuzira mawu m'matchalitchi kuno ku Dedza timangoti "muli eko," basi n'kuyamba kupotokola mabatani a mikisa.

Woyamba kuyeza zimenezi anali Wallace Clement Sabine, mphunzitsi wa fizikisi pa yunivesite ya Harvard ku America. Mu 1895 anamupatsa ntchito yokonza holo ya ku Fogg Art Museum, mmene liwu limodzi linkamvekabe kwa masekondi oposa 5. Zida zake zinali chitoliro cha limba, wotchi, makutu ake, ndi makushoni a mipando amene ankawabwereka usiku ku holo ina yotchedwa Sanders Theatre. Ankawonjezera makushoni, kuliza chitoliro, n'kuwerenga nthawi. Masamu amene anatuluka pamenepo anathandiza pomanga holo ya nyimbo ya Symphony Hall ku Boston, yomwe inatsegulidwa mu 1900.

Masamuwo ndi osavuta: chulukitsani 0.161 ndi kukula kwa chipinda m'makiyubiki mita, kenako gawani ndi kuchuluka kwa malo omeza mawu (kukula kwa malo aliwonse kuchulukitsa ndi gawo la mawu limene amameza); yankho lake ndiye RT60 m'masekondi. Windo lotsegula limameza mawu onse ofikapo. Khoma la pulasitala limameza magawo awiri kapena atatu okha pa 100, ena onse n'kuwabweza.

Ndinayesa masamuwa pa kalasi yofanana ndi zomwe tinaphunziramo ambirife: mamita 9 mulitali, 7 mulifupi, 3 msinkhu, njerwa zopaka pulasitala, pansi simenti, denga la malata lopanda siling'i. Ndi makiyubiki mita 189. Nditayerekeza kuti makoma, denga ndi pansi zimameza magawo 5 pa 100, kalasi yopanda anthu inandipatsa masekondi pafupifupi 2.7. Nditaikamo ana 60, poti thupi ndi zovala zimameza mawu, nthawiyo inatsika kufika cha pa sekondi imodzi. Akatswiri amalangiza masekondi osapitirira 0.6 m'kalasi yotere. Ndiye kuti ngakhale itadzaza, kalasiyo ikadali kutali.

Zimenezi zandikhudza kwambiri ndikaganiza za mwana wa Sitandade 1 wokhala kumbuyo. Malembo a liwu, monga a, e, o, amatuluka ndi mphamvu ndipo amachedwa kuzima. Kampweya kosiyanitsa "pa" ndi "pha," kapena "ta" ndi "tha," n'kofooka, kamadutsa msanga, ndipo kamakwiririka ndi phokoso lotsalira la mawu am'mbuyo. Wamkulu amalumikiza yekha zimene sanamve chifukwa chinenerocho amachidziwa. Mwana wophunzira kuwerenga alibe polumikizira. Mawa timuti ndi wogona m'kalasi.

Si mawu onse obwerera amene ali oipa. Ofika m'khutu pasanathe mamilisekondi 50 (magawo 50 pa 1,000 a sekondi) chifikireni mawu oyamba, ubongo umawaphatikiza n'kukhala liwu limodzi lamphamvu. Poti mawu amathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi, njira yawo isatalike kuposa ya mawu olunjika ndi mamita 17. Ochedwa kuposa pamenepo ndiwo amasokoneza. Muyezo wotchedwa C50 umayerekeza mphamvu ya mawu ofika msangawo ndi ya ochedwawo. Mukakweza sipika, mbali zonse ziwiri zimakwera mofanana, C50 sasintha, anthu amangowawidwa makutu.

Kuyeza kwake aliyense angathe. Muphulitsa baluni patsogolo, foni ili pamene pamakhala anthu, n'kujambula. Kutsika kwa madesibelo 60 onse n'kovuta kukugwira, poti malole a mumsewu wa M1 kapena chigayo chapafupi zimaphimba mathero ake. Choncho timayeza nthawi imene mawu amatenga kuti atsike ndi madesibelo 20 n'kuichulukitsa katatu. Foni si chida cholondola kwenikweni, koma imaonetsa kusiyana kwa chipinda chisanakonzedwe ndi chitakonzedwa. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kuli zii, ndipo muyeze malo angapo.

Kutchalitchi kwathu akomiti akusonkha ndalama zogulira masipika ena akuluakulu. Ine ndikawapempha kuti tiyambe ndi khoma la kumbuyo, lomwe limabweza mawu a mlaliki mochedwa: tipachikepo makatani okhuthala opindapinda, kusiya mpata pakati pa nsalu ndi khoma kuti amezenso mawu a besi. Masipika alipowa aloze pa anthu, osati pakhoma. Akwaya adandaula, ndipo ndikuwamvetsa, chifukwa nyimbo zimakoma m'chipinda chosunga mawu. Maholo otchuka a nyimbo amakhala cha pa masekondi 2, pomwe ulaliki umafuna sekondi imodzi kapena kucheperapo. N'chifukwa chake ndikufuna makatani okoka: otambasula nthawi ya ulaliki, osonkhanitsira pakona pa tsiku la chikondwerero cha makwaya.