Masikuluwu anayi pa fayiba

Mnyamata amene ndakhala ndikumuphunzitsa ntchito kwa zaka ziwiri ali kwawo ku Mgona, dzanja lake lamanzere atalisoka kuchokera pachala chamkombaphala mpaka pakati pa chikhatho. Padzapita milungu asanagwirenso sipanala. Chamucheka ndi waya wa downrigger, makina otsitsira nyambo pansi pa madzi powedza, imene ndinamanga ndekha pa boti Lachisanu, ndikudziwa bwinobwino kuti mmangidwe wake ndi wolakwika.

Amisiri anzanga a ku Kanengo, Biwi ndi Mchesi mukudziwa kuti kuno ku Lilongwe ntchito ya maboti sibwera kawirikawiri. Timadyera matirela, majenereta ndi mageti. Boti likalowa pageti, limakhala la eni malo ogona alendo ku Salima kapena la anthu okasewera ku damu la ku Malingunde, ndipo pagalaja pathu limabwera kwa ine, chifukwa ndaligwira kwa zaka 14.

Limeneli linafika Lolemba pa tirela kuchokera ku Senga Bay: la fayiba, mamita 5 ndi theka, injini ya mahosipawa 60 kumbuyo. Mwini wake akufuna azitenga alendo kukawedza ncheni kutali ndi gombe, ndipo ganizolo ndi labwino. Ukamakoka nyambo kumbuyo kwa boti popanda cholemetsa, imangoyenda chapamwamba, pomwe ncheni zikuluzikulu zili pansi. Downrigger ndiye imatsitsa nyamboyo. Ndi gudumu lokulunga waya wa sitenilesi, mkono wotulukira kunja kwa boti, ndi mpira wa mtovu kumapeto kwa waya. Chingwe cha mbedza umachipanitsa pa kakilipi pafupi ndi mpirawo, n'kutsitsa mpaka pamene ukufuna. Nsomba ikadya, chingwe chimapulumuka pa kakilipi, iwe n'kumalimbana nayo pa ndodo yako mtovu uli pawokha.

Mwezi watha, asanagule, bamboyo anandiimbira foni kufunsa nzeru. Ndinawauza kuti pa boti laling'ono chonchi agule yopukusa pamanja, ya mkono waufupi wa masentimita 60. Botilo lili ndi batire imodzi, yomweyo yolizira injini, ndiye yamagetsi ikamakweza mpira tsiku lonse ungapezeke uli pakati pa nyanja injini ikukana kulira. Iwo anabwera ndi ya kampani ya Scotty, yamagetsi, yochokera ku Johannesburg, ya mkono wotambasuka mpaka mita imodzi ndi theka, ati anaiona pa Facebook. Chipangizocho pachokha chilibe mlandu, a ku Canada amachipanga bwino. Koma mtovu wa makilogalamu 5 ukalendewera kumapeto kwa mkono wautali chotere, tsinde lake limakanula mlomo wa boti ngati momwe timazulira msomali ndi chitsulo chachitali. Mafunde akamagwedeza boti, kukanulako kumabwera kambirimbiri osapuma.

Ndinabowola kabowo kakang'ono kuti ndione kukhuthala kwa mlomowo. Fayiba ya mamilimita 4, pansi pake mphako yokhayokha. Aliyense wa inu akudziwa choyenera kuchita pamenepa: kudula kazenera mkati kuti dzanja lilowe, kuika puleti ya aluminiyamu ya mamilimita 6 kunsi, mabawuti anayi a sitenilesi otulukira mbali inayo, mawashala aakulu, manati a nayiloni aja osamasuka ndi kugwedezeka, ndi silanti m'mabowo kuti madzi asalowe. Ntchito ya tsiku limodzi ndi theka. Lachiwiri m'mawa ndinalemba zonsezi papepala n'kukasiya ku ofesi.

Masiku apakatiwo anali a nthawi zonse. Maberingi a tirela ya chimanga, jenereta ya patchalitchi china imene imangotsokomola, geti la ku Area 47. Lachitatu magetsi anazima 9 koloko mpaka madzulo, jenereta yathu ili gwaa popanda dizilo, chifukwa amene tinali naye anathira m'galimoto ya bwana. Sindikudandaula za zimenezo, tinazolowera.

Lachinayi, poona kuti ku ofesi kuli zii, ndinakwera minibasi ndekha kupita ku Malangalanga nditatenga maginito a sipika yakale m'thumba. Pamabenchi atatu anandipatsa mabawuti onyezimira, kulumbira kuti ndi sitenilesi yeniyeni. Kungoyandikitsa maginito, bawuti n'kudumphira pomwepo kuti kakaka. Amenewo pa nyanja miyezi ingapo ndi dzimbiri. Enieni ndinawapeza pasitolo ina ku Area 4, mtengo utakwera chifukwa cha vuto la ndalama zakunja, ndipo puleti amagulitsa shiti yathunthu, sadula. Ndinabwera ndi mitengo yonse iwiri. Ku ofesi anati ndalama za katundu zatha mwezi uno.

Lachisanu masana bwana anatsika yekha kudzaima pambali pa boti.

"Amisiri, mwini boti analipira kale, ndipo alendo ake akufika Lamlungu. Mangani ndi masikuluwu aja ali m'bokosi. Mabawuti tidzasintha likadzabwera ku sevisi."

"Bwana, sikuluwu pa fayiba yopyapyala chonchi sigwira. Tsiku lozuka idzazuka ndi mnofu womwe."

"Aaa, amisiri, simukumanga mlatho apa. Ndi nsomba chabe."

Ndinayang'ana pansi, n'kutenga dirilo. Ndili ndi ana atatu pasukulu ndi lendi ku Area 25, ndipo zimenezo ndi zimene zinali m'mutu mwanga, koma sindikuzinena kuti wina andikhululukire. Mnyamata wanga ndiye ankandipatsira masikuluwuwo, imodziimodzi, akundiyang'ana kumaso, chifukwa ndine ndemwe ndinamuphunzitsa kuti pa fayiba sitimanga chonchi.

Zina zonse ndinazichita mwaukhondo, ndipo ndinena. Ndinaiika kumbuyo chakumanja, pamalo oti munthu afikira ataimirira bwino ndipo waya sangayandikire pulopela boti likamakhota. Waya wamagetsi ndinaika wonenepa, fyuzi ya maampu 30 pafupi ndi batire penipeni, malumikizidwe onse otsekedwa kuti chinyezi chisalowe. Ukaiona inali yokongola.

Loweruka tinanyamuka 4 koloko m'bandakucha kudzera mumsewu wa Salima, ine, mnyamata ndi dalaivala. Pofika ku Senga Bay nyanja inali bata, asodzi a usipa akukoka mabwato awo kumtunda. Tinatenga woyendetsa boti wa pamalopo n'kulowera kuseri kwa chilumba cha Namalenje. Ku Maleri sitinayandikire, poti zilumba zimene zija zili m'paki ndipo kuwedza pafupi ndi gombe lake sikuloledwa.

Pali zinthu ziwiri zimene ndinamufotokozera woyendetsayo tili pagombe, koma ndikuona kuti sizinalowe. Kowerengera ka pa downrigger kamawerenga mafiti, ndipo kamakuuza kutalika kwa waya amene watuluka, osati pamene mpira uli. Mafiti 100 ndi mamita pafupifupi 30. Boti likamayenda, ngakhale pang'onopang'ono ngati munthu woyenda pansi, madzi amakankhira mpira kumbuyo, waya n'kupendekeka, ndiye mpirawo umakhala m'mwamba kuposa nambala ija. Ukachepetsa moto, mpira umabwerera n'kutsika mpaka kuya konse kwa waya. Chachiwiri ndi buleki. Imayenera kugwira mongokwanira kunyamula mtovu, kuti ukakodwa pansi waya azituluka yekha.

Tinatsitsa mafiti 100, makina oonetsa kuya akusonyeza mamita 33. Patapita mphindi makumi awiri ndodo inagwedezeka, tinakweza ncheni yabwino, yaitali ngati mkono wanga kuchokera pachigongono. Tonse tinasangalala. Ndili kalikiliki kuchotsa mbedza m'kamwa mwake mwa mano aja, woyendetsa anaona waya ukutsetsereka pang'ono, n'kumanga buleki mpaka kumapeto osandiuza. Kenako pansi panayamba kukwera, 30, 28. Iye anachepetsa moto kuti akhote, mpira unatsika n'kulowa m'miyala, ndipo potuluka pokhotapo anawonjezeranso moto.

Ndinamva kulira kwa fayiba kaye, ngati nsungwi youma ikamasweka. Nditatembenuka, tsinde la downrigger linali litadzuka mbali imodzi, masikuluwu awiri ali m'mwamba. Mnyamata anali pafupi. Anaponya dzanja lamanja pa makina, lamanzere n'kugwira waya. Masikuluwu enawo anazuka, waya uja n'kuthamanga m'chikhatho mwake.

Ndinakuwa kuti achotse giya, n'kudula waya ndi pulayala imene ndimayenda nayo m'thumba la ovolosi. Mtovu unatsala pansi pa nyanja. Makina sanamire, analendewera pa waya wamagetsi uja ndinamanga bwino. Ndinavula malaya n'kukulunga dzanjalo, ndikulikweza m'mwamba, magazi akutsikira m'chigongono changa. Mpaka kugombe inali mphindi 25, ndipo njira yonse sanalire. Anangonena kamodzi, milomo itauma: "Madala, ndimaopa kuti ikamira atidula malipiro."

Mawu amenewo ndi amene akundisowetsa tulo. Mwana wa zaka 21 waika dzanja pa waya wothamanga chifukwa anaona chaka chatha mnzake akudulidwa theka la malipiro kaamba ka gulayindala yopsa. Palibe anamuuza kuti agwire, koma tinamuphunzitsa tonse pagalaja paja kuti katundu wa kasitomala ndi wodula kuposa iye.

Kuchipatala anatilandira msanga. Adokotala anati mwayi wake ndi woti mitsempha yoyendetsa zala sinaduke. Ndinagwira mkono wake pamene ankamusoka. Titabwerera kugombe kukakweza boti pa tirela, ndinayang'ana mlomo uja: mabowo anayi, lililonse kukula ngati ndalama yachitsulo, ming'alu ikuchoka pa bowo kupita pa linzake. Masikuluwu anali akadali pa tsinde la makina, tizidutswa ta fayiba titamatirira m'mazinga mwake. Ndawasunga m'thumba.

Lero Lolemba, funso loyamba la bwana linali lakuti makina aja awonongeka kapena ayi. Pofika 10 koloko shiti ya aluminiyamu inali italowa pageti, ndi paketi ya mabawuti a ku Area 4 aja. Ndalama zimene zinatha Lachinayi zapezeka. Tsopano nkhani imene akufuna iyende ndi yoti wolakwa ndi woyendetsa boti. Inde, kumanga buleki kunali kulakwa, ndipo ndinamuuza pamaso. Koma waya wa pa makina amenewa ndi wa mapaundi 150, makilogalamu pafupifupi 68. Pakanakhala puleti ndi mabawuti, wayayo ukanaduka tsinde lili chikhalire, tikanataya mtovu basi, ndipo mnyamata sakanaona chilichonse choti athamangire kugwira.

Ndalemba lipoti la masamba awiri, ndaikamo tsiku limene ndinapereka pepala la katundu, mitengo imene ndinabwera nayo, mawu amene tinayankhulana Lachisanu, ndi kuti amene anabowola ndine. Ndawauza bwana kuti za kuchipatala ndi malipiro onse a mnyamatayo pa nthawi imene ali kunyumba zichoke ku kampani, apo ayi ndimuperekeza ndekha ku ofesi ya zantchito, poti lamulo la chipukutamisozi kwa ovulala pantchito lilipo. Sanayankhe, anangotenga pepalalo n'kukwera kumtunda.

Masana ndadula kazenera kaja, ndakonza ming'alu ndi fayiba yatsopano, ndadula puleti yaikulu kuposa tsinde masentimita 5 mbali zonse. Mawa ikauma ndimanga. Mkono ndaubweza mpaka pafupi penipeni ndipo ndalemba ndi penti pambali pake kuti asamautambasule wonse. Wondigwirira nati kunsi ndilibe, ndiye ndapempha alonda kuti adzandithandize asanaweruke. Madzulo ano mayi ake a mnyamata anandiimbira foni kufunsa ngati ntchito yake ikadalipo, ndipo ndawauza kuti mawa ndikaweruka ndidutsa ku Mgona.