Zikomo achimwene osadziwika

Amayi akudwala shuga, kuchipatala amapita okha ine ndili kuntchito, ndiye ndinakonza kuti foni yawo ikangolowa pa wifi yakunyumba, rauta (kabokosi ka wifi) izidziwitsa IFTTT (app yotumiza uthenga yokha chinthu chikachitika), ine meseji izibwera kuti afika. Lachiwiri zii mpaka 4 koloko, foni osayankha, mtima m'mwamba, kani anafika kalekale angogona. Achimwene ena, akana kuti ndiwatchule, anakhala nane pafoni ola lathunthu. Anati ndione mndandanda wa mafoni mu rauta, tinapeza foni ya amayi yasintha MAC address (nambala yomwe rauta imazindikirira foni), rauta nkumaiona ngati yachilendo. Tinazimitsa mu foni zoti izisinthasintha nambalayo, nkulumikizanso. Dzulo meseji inalowa 11:20, nsima ndinadya mtima uli m'malo. Zikomo achimwene, Mulungu akudalitseni.