Lachinayi, tsiku lokamva zotsatira za mtima wa Bambo

Tinanyamuka ku Mufakose, muno mu Harare, m'bandakucha, chifukwa masiku ano Bambo sangathamangire kombi. Kuchoka pageti kukafika pamsewu anaima kawiri, dzanja lili pachifuwa, akunamizira kuona chimanga cha aneba. Munthu amene ankapalasa njinga mpaka ku Mbare thumba la ufa lili kumbuyo sangaimire chimanga. Ali ndi zaka 82, ndipo anabwera kuchokera ku Dedza mu 1961, mzinda uno ukadali Salisbury.

M'tauni tinakwera takisi ya ku Avenues. Dokotala wa mtima anali atayala kale zotsatira za echo, sikani yojambula mtima, ya sabata yatha, ndipo chimene chinandisangalatsa n'choti ankalankhula akuyang'ana Bambo, osati ine.

Vuto loyamba ndi valavu ya aorta, imene ili potulukira magazi kuchoka mumtima kupita m'thupi lonse. Ili ndi tinyama titatu topyapyala, totseguka ndi kutsekeka mtima ukagunda. Ndi ukalamba, kashiamu amamata pa tinyamati ngati zoyera zija zimaundana pansi pa ketulo, mpaka timauma gwa. Valavu yabwinobwino imatseguka masikweya sentimita 3 mpaka 4. Ikatsika pansi pa 1, ndiye kuti zafika poipa. Ya Bambo ikutseguka 0.7. Mtima ukukankha magazi a thupi lonse pa kabowo kameneko, n'chifukwa chake minofu yake yakhuthala, n'chifukwa chake akubanika, ndipo kugwa kuja kudimba mwezi watha sikunali kwa dzuwa monga ankatiuzira. Dokotala sanapite m'mbali: palibe piritsi lofewetsa valavu youma. Mankhwala amangochepetsa madzi m'mapapo ndi m'miyendo.

Kenako anatembenuza pepala, n'kuloza nambala ina: 4.4. Uku n'kukula kwa mtsempha weniweni wa aorta pamene wangochoka mumtima. Kwa anthu ambiri sufika masentimita 4. Wa Bambo wafufuma. Apa m'pamene ine mtima unandiima, chifukwa ndinamvapo za anthu amene mtsempha umenewu unang'ambika n'kufera pomwepo. Dokotala anafotokoza kuti nthawi zambiri amachita opaleshoni ya mtsempha wokhawo ukafika 5.5, koma ngati atsegula kale chifuwa kuti asinthe valavu ndipo mtsempha wafika 4.5, amasinthiratu zonse pamodzi. Anati palinso anthu obadwa ndi valavu ya tinyama tiwiri m'malo mwa titatu, mmodzi kapena awiri pa 100 alionse, ndipo amenewa ndiwo mtsempha wawo umakonda kufufuma ndi kufooka. Pa echo, ya Bambo ikuoneka ya titatu, koma sikani ya CT ndiyo idzatsimikize, popeza kashiamu akachuluka amaphimba zambiri.

Kutsegula chifuwa cha munthu wa zaka 82, impso zitayamba kale kutopa, kuimitsa mtima n'kumulumikiza ku makina, dokotala anati iye sangalimbikitse. Njira imene anatchula ndi TAVI. Anatenga cholembera n'kujambula kuseri kwa envelopu. Amaboola mtsempha wa m'mphechepeche mwa mwendo n'kulowetsa kachubu kakatali. Kunsonga kwake kuli valavu yatsopano, yopindidwa n'kukhala yaing'ono, yosokedwa m'kati mwa kawaya koluka. Kachubuko kamakwera ndi aorta kudutsa m'mimba ndi m'chifuwa, kukhota pamwamba, kutsikira kumtima. Pofika pa valavu yakale, yatsopano imatambasulidwa, mitundu ina ndi baluni, ina imatambasuka yokha, ndipo imakanikizira yakaleyo m'mbali. Chifuwa sachitsegula, ndipo ambiri amatuluka m'chipatala patangopita masiku ochepa. Bambo anafunsa kuti valavuyo ndi ya pulasitiki kapena ya chitsulo. Atamva kuti amaipanga ndi kachikopa kokuta mtima wa ng'ombe kapena wa nkhumba, anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kunena kuti anzawo achisilamu a ku Mangochi aja amacheza nawo pabawo ayenera kuuzidwiratu zimenezi asanasaine.

Cholembera chija chitafika pamalo ofufumawo, ine ndinafunsa: kodi kachubuko sikadutsa pomwepo? Anati inde, pomwepo, ndipo n'chifukwa chake amayeza ndi CT chilichonse, kukula kwa mitsempha ya m'miyendo, makhotedwe a aorta, mphete imene valavu idzakhalepo. Khoma lofufuma limatha kung'ambika ndi waya, ngakhale sizichitikachitika. Anatchulanso sitiroko, magazi kudontha m'mbali mwa valavu, ndi kuti ena amafunika pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda bwino, pambuyo pake chifukwa njira ya magetsi a mtima imadutsa pansi penipeni pa valavuyo. Ndipo ananena momveka kuti TAVI sikonza aorta. Mtsemphawo udzakhala momwemo, azidzangouyeza nthawi ndi nthawi. Koma kwa okalamba a valavu ya tinyama titatu, mtsempha wa msinkhu umenewu kawirikawiri umakula pang'onopang'ono kwambiri. Chimene chikuwathamangira Bambo panopa ndi valavu.

Masana tinadya nsima ndi nyemba m'tauni, Bambo anangodya theka. Pobwerera anagona mu kombi.

Madzulo ndinakhala pa foni kuwerenga. Amene anayamba kuika valavu yotere mwa munthu ndi Alain Cribier, ku Rouen m'dziko la France, pa 16 April 2002. Izi zisanachitike, Henning Rud Andersen wa ku Denmark anali atayesa kale pa nkhumba mu 1989. Kafukufuku wa PARTNER amene anatuluka mu 2010 anatenga odwala 358 amene madokotala anati sangapirire opaleshoni yotsegula chifuwa. Patatha chaka, mwa amene sanaikidwe valavu, pafupifupi 51 pa 100 anali atamwalira. Mwa amene anaikidwa, pafupifupi 31. Nambala ya 51 ija ndinaiwerenga ndikumva Bambo akutsokomola kuchipinda. Kudikira kumene ife timakutcha kusamala, kwa munthu wa valavu yotere, ndiye njira yoopsa kuposa zonse.

Achimwene anaimba kuchokera ku Johannesburg pa WhatsApp. Iwo akuti ngati tiwononga ndalama, Bambo achitidwe opaleshoni yaikulu yokonza zonse kamodzi, chifukwa kusiya mtsempha wofufuma n'kusiya ntchito pakati. Azakhali akuti munthu wakalamba, tisamuzunze ndi maulendo, Mulungu adziwa. Onse akulankhula ndi chikondi, koma onse sindikugwirizana nawo. Opaleshoni yaikulu ingawatengere Bambo miyezi ya pabedi, mwinanso osadzukapo, pofuna kupewa ngozi imene mwina siidzafika m'zaka zimene zawatsalira. Kuwasiya ndiye kuwaonerera akubanika tsiku ndi tsiku, pamene chithandizo chilipo. Ndipo chinandiwawa n'choti tinakangana pafupifupi ola lathunthu mwini mtima ali pampando pomwepo, wina osawafunsa.

Ndinadula foni n'kukhala pansi pafupi nawo. Ndinati, Bambo, inu mukuti bwanji? Anakhala chete kaye, kenako anati: "Naphiri, ine sindikupempha zaka 100. Ndikufuna ndizifika ku CCAP ndi mapazi anga, ndipo ndikaone mlongo wanga ku Dedza ndisanafe. Ngati njira ya pamwendoyo ingandipatse zimenezo, za mtsemphazo tiziyeza monga wanenera dokotala." Anali atamva zonse, mpaka 4.4 ndi 5.5 yemwe.

Tsopano chatsala ndi phiri la ndalama. Dokotala anatchula South Africa ndi India monga maiko kumene tingakachitire TAVI, ndipo valavu yokhayo ndi madola masauzande ambiri, osawerengera ulendo ndi chipatala. Bambo alibe medical aid. Achimwene avomera kufunsa mitengo m'zipatala za kumeneko akalandira zotsatira za CT, ndipo a bungwe lathu la maliro ndiwauza Lamlungu; mwina nthawi ino tingasonkhe munthu ali moyo. Pasipoti ya Bambo ya Malawi inatha kalekale, ndiye mawa ndilawirira ku ofesi ya kazembe.

CT tapatsidwa Lachiwiri, atayamba ayezetsa impso chifukwa cha mankhwala amene amabaya pojambula. Lolemba ndi kwa dokotala wa mano, popeza tizilombo ta m'kamwa timatha kulowa m'magazi n'kukagwira valavu yatsopano, ndipo Bambo ali ndi dzino lobooka limene akhala akubisa. Ndagula makina oyezera BP, chifukwa BP ikakwera ndiyo imakankha khoma la mtsempha uja. Usiku uno inali 148 pa 82, ndailemba m'kope. Zidebe za madzi a kuchitsime ndauza mdzukulu wawo kuti kuyambira mawa ndi ntchito yake, agogo ake asadzaonekenso atanyamula.